Kutenga Ziwerengero za Kalembera ndi Malire a Madera Pakompyuta: Chenjezo kwa Ofufuza Ziyankhulo

1.0 Mau Oyamba

Aliyense wokonza ndondomeko ya ziyankhulo amakumana ndi mafunso awiri: kodi chiyankhulo chakutichakuti chimayankhulidwa ndi anthu angati, nanga anthuwo amakhala kuti? Funso loyamba limayankhidwa ndi kalembera, lachiwiri ndi mapu. Kale wofufuza ankakopera ziwerengero pamanja kuchokera m'mabuku a kalembera, n'kumapaka mapu ndi pensulo. Masiku ano pulogalamu ya mizere yochepa imagwira ntchito yonseyi m'kamphindi. M'pepala lino tifotokoza m'mene izi zimachitikira ku United States, kumene njirazi zinazika mizu, ndipo tionetsa kuti nambala iliyonse yobwera chotere imamangika ku funso lake, chaka chake ndi malire ake. Ikamasulidwa ku zitatuzi imasocheretsa.

2.0 Gwero la Ziwerengero

Dziko la United States lakhala likuchita kalembera zaka khumi zilizonse kuyambira mu 1790. Funso la chiyankhulo cha pakhomo linkakhala pa fomu yaitali imene inagwiritsidwa ntchito komaliza mu 2000. Kuyambira mu 2005 funsoli lili mu kafukufuku wosalekeza wotchedwa American Community Survey, amene amafikira makomo pafupifupi 3.5 miliyoni pachaka. Za munthu wa zaka 5 kapena kuposera apo amafunsa zitatu: ngati amayankhula chiyankhulo china pakhomo kupatula Chingerezi, dzina la chiyankhulocho, ndiponso m'mene amachidziwira Chingerezi. Tione kuti funsoli silifunsa chiyankhulo chimene munthu anayamwira, komanso siliwerenga ziyankhulo zonse zimene amadziwa.

Popeza safunsa anthu onse, zotsatira zake ndi zoyerekeza. Zotsatira za chaka chimodzi zimaperekedwa pa madera a anthu 65,000 kapena kuposera apo. Madera ang'onoang'ono amapatsidwa zotsatira zophatikiza zaka zisanu. Nambala iliyonse imabwera ndi inzake yosonyeza mlingo umene ingaphonyere.

3.0 Katengedwe Kake

Mu 2012 bungwe la Census Bureau linatsegula khomo lotchedwa API, lomwe limalola pulogalamu kupempha ziwerengero mwachindunji pa intaneti. Wofufuza amatchula chaka, tebulo ndi mtundu wa dera. Malire a madera amasungidwa padera m'mafayilo a TIGER, amene anayamba kugwira ntchito pa kalembera wa 1990. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi nambala yozindikiritsa dera. Dera laling'ono lotchedwa tract, lomwe kawirikawiri limakhala ndi anthu pafupifupi 4,000, lili ndi nambala ya manambala 11: awiri a chigawo, atatu a county, asanu ndi limodzi a tract yeniyeniyo. Pulogalamu ya tidycensus, imene Kyle Walker analemba m'chiyankhulo cha makompyuta cha R, imatenga ziwerengero ndi malire nthawi imodzi, n'kuzilumikiza potsata nambala imeneyi.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Pulogalamu yolembedwa ndi umboni wa njira imene wofufuza anadzera, ndipo mnzake angathe kuibwereza n'kuona ngati apeza zofanana.

4.0 Misampha Itatu

4.1 Magulu a ziyankhulo. Tebulo la B16001 silitchula chiyankhulo chilichonse pachokha. Kuyambira mu 2016, ziyankhulo za pakati, kum'mawa ndi kumwera kwa Africa zinaikidwa m'gulu limodzi lotsogozedwa ndi dzina la Chiswahili. Woyankhula Chichewa amene amakhala ku Indiana sangaoneke payekha m'tebuloli. Pa madera a tract magulu ake ndi ochepanso kwambiri, chifukwa pamenepo pamapezeka tebulo lofupikitsidwa la C16001. Amene ayerekeza zotsatira za 2015 ndi za 2016 osadziwa za kusinthaku adzaganiza kuti anthu asintha, chonsecho chasintha ndi kagawidwe.

4.2 Mlingo wa kuphonya. Tiyerekeze kuti tract ina yaonetsa anthu 120 oyankhula chiyankhulo china, ndipo mlingo wa kuphonya ndi 95. Ndiye kuti anthuwo angakhale 25 kapena 215. Mapu opakidwa mitundu amabisa chikayiko chimenechi, ndipo maso amakhulupirira mtundu kuposa nambala. Chiyankhulo chikakhala cha anthu ochepa, vutoli limakula.

4.3 Malire osuntha. Malire a tract amakonzedwanso pa kalembera aliyense. Komanso mu 2022 ma county 8 a chigawo cha Connecticut analowedwa m'malo ndi madera 9 atsopano, ndipo manambala ozindikiritsa madera anasintha. Wolumikiza ziwerengero za 2022 ndi mapu a 2020 amapeza chigawo chonsecho chili mbee, ndipo si nthawi zonse pamene kompyuta imamuchenjeza.

Izi si nkhani za akatswiri okha. Ndime 203 ya lamulo la Voting Rights Act, yomwe inawonjezedwa mu 1975, imalamula kuti zipangizo zovotera ziperekedwenso m'chiyankhulo cha magulu ena a anthu ngati nzika zawo za msinkhu wovota zosadziwa bwino Chingerezi ziposa 10,000 kapena 5 pa 100 aliyense m'deralo. Madera okhudzidwa amasankhidwa potengera kafukufuku yemweyu.

5.0 Phunziro kwa Ife

Misampha imeneyi ilinso kwathu. Kalembera wa Malawi wa 1966 anasonyeza kuti pafupifupi theka la anthu ankayankhula pakhomo chiyankhulo chimene mu 1968 chinasankhidwa kukhala cha fuko lonse. Kalembera wa 1998 anawerenga Chichewa ndi Chinyanja payokhapayokha, choncho woyerekeza zaka ziwirizi ayenera kunena poyera ngati waziphatikiza kapena ayi. Maboma nawonso anachoka pa 24 kufika pa 28: Balaka anadulidwa ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Likoma ku Nkhata Bay, ndipo Neno ku Mwanza. Machinga wa mu 1987 si Machinga wa mu 2008. Nkhokwe ya IPUMS International ya ku yunivesite ya Minnesota, yomwe imasunga zitsanzo za akalembera a Malawi a 1987, 1998 ndi 2008, imathana ndi vuto lotere pophatikiza madera amene anagawidwa, kuti malire akhale ofanana m'zaka zonse.

6.0 Mau Omaliza

Tikupempha kuti mapu aliwonse a ziyankhulo operekedwa kwa okonza ndondomeko azitchula zinthu zinayi: mau enieni a funso limene linafunsidwa, chaka cha ziwerengero, chaka cha malire, ndi mlingo wa kuphonya. Pulogalamu imene inawapanga izisungidwa pamodzi ndi mapuwo. Kompyuta imafulumiza kutenga, koma kufunsa ngati chotengedwacho chikuyankha funso lathu ndi udindo umene udakali m'manja mwa wofufuza.