WOLEMALA NAYE NDI MWINI DZIKO: VOTI YAKE ISATSALE M'NYUMBA

Ku Magwero, kufupi ndi Chipata, kunatsegulidwa sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko muno m'caka ca 1905. Kuyambira kale cigawo ca Kum'mawa cidziwa kuti khungu angathe kuwerenga ndi zala zake. Koma pa tsiku la masankho olemala ambiri akhala akubwerera pa khomo, pakuti malo oponyerapo voti, amene kawirikawiri ndi masukulu, ali ndi masitepe ndi zitseko zopapatiza zosalowa njinga ya wolemala.

M'caka ca 2011 Mai Sela Brotherton, a bungwe la olemala la ZAFOD, anasumira bungwe loyendetsa masankho la ECZ ku Bwalo Lalikulu la Milandu. Bwalo linapeza kuti ECZ inasankhuladi olemala. Masankho a pa 20 September sanaimitsidwe ai, koma bungwelo linalamulidwa kukonza zinthu masankho otsatira asanafike: kuika njira zotsetsereka pa makomo, ndiponso kupereka kacipangizo kopapasa ndi zala, kamene khungu amaika pa pepala la voti kuti asankhe yekha mwacinsinsi. Caka cotsatira Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Lamulo la Anthu Olemala la 2012, loteteza ufulu umenewu.

Komabe ciweruzo sicinyamula munthu kucoka pa mphasa. Woponya voti ayenera kukhala mbadwa ya Zambia wa zaka 18, wokhala ndi reji yobiriwira ndiponso khadi la voti. Apa ndi pamene ambiri a m'midzi ya ku Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali angatsalire: abale akapita kukalembetsa, wolemala amsiya alonde nyumba. Wopanda dzina m'buku la oponya voti sathandizika pa tsikulo, ngakhale khomo likhale lotambasuka cotani.

Lamulo lilola wosakhoza kuconga yekha kubwera ndi munthu amene amkhulupirira, kapena kupempha mkulu wa pamalopo amthandize. Wothandizayo aconge pamene mwini wafuna, ndipo asaulule.

Masankho aakulu amacitika zaka zisanu ziri zonse, pa Cinai caciwiri ca mwezi wa August. Nyakwawa ndi eni mabanja asadikire tsikulo. Awerenge msanga akhungu, ogontha ndi opunduka a m'mudzi mwao, aone ngati ali ndi reji ndi khadi. Ngolo imene imapereka cimanga ku msika ingathenso kupereka mbale wao kukalembetsa.