MAPHUNZIRO A ZAUKHONDO ALI NDI NCHITO YOTSEKEREZA MATENDA

Ana a sukulu ambiri akapambana bwino mayeso a Geredi 12, iwo ndi makolo ao amangoganizira za udokotala kapena unesi. Ndi ocepa amene adziwa kuti kulinso maphunziro ochedwa Environmental Health, amene aphunzitsa munthu kuteteza anthu ku matenda ocokera m'madzi, m'zakudya, m'mpweya ndi m'malo amene anthu akhala ndi kugwira nchito.

Wophunzira nchito imeneyi ndiye uja kumidzi amuchula kuti "a Helefi". Kale anali kuchedwa Health Assistant kapena Health Inspector. Masiku ano amene ali pa cipatala ca kumudzi achedwa Environmental Health Technologist, mwacidule EHT. Dokotala ndi nesi alandira munthu atadwala kale, koma EHT apita kumudzi kukafufuza kumene matendawo acokera ndi kutsekereza kuti asagwire ena.

Kufunika kwa nchito imeneyi kunaoneka poyera pa nthawi ya kolera. Mliri umene unayamba mu Lusaka mu October 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000. Wina umene unayamba mu 2023 ndi kufika mu 2024 unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, kotero kuti bwalo la mpira la Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Odwala anali kupatsidwa madzi a m'thupi ndi mankhwala, koma gwero la bvutoli linali zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Anchito a zaukhondo ndiwo anali kupima madzi, kuthira klorini, kukwirira zitsime zoipa ndi kuyang'anira maliro a omwalira ndi kolera.

Kuno ku cigawo ca Kum'mawa zitsanzo ziliponso. Mu 2011 anthu oposa 500 m'boma la Chama anadwala anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa zokha mu mtsinje wa Luangwa. Mu 2015 ku Nyimba kunabuka mliri wa makoswe, umene ufalitsidwa ndi utitiri. Pa matenda otere jekeseni yokha sikwanira. Pafunika munthu wodziwa kuletsa malonda a nyama yoipa, kutaya mitembo ya nyama moyenera, ndi kupha utitiri asanayambe kupha makoswe, cifukwa khoswe akafa utitiri wake uthawira kwa anthu.

KUMENE APHUNZIRIRA

Kwa zaka zambiri anchito amenewa anali kuphunzira ku Chainama College of Health Sciences ndi ku Evelyn Hone College mu Lusaka, kumene diploma itenga zaka 3. Sukulu ya Chainama tsopano ili mbali ya Levy Mwanawasa Medical University. Wofuna digiri angaipeze ku University of Zambia, ndiponso ku masukulu ena osakhala a Boma monga Lusaka Apex Medical University. Digiri itenga nthawi yaitali kuposa diploma, ndipo amene ali kale ndi diploma angabwerere ku sukulu kukaonjezera.

Mwana wofuna kulowa afunika ma credit 5 pa mayeso a Geredi 12, ndipo mwa amenewo musasowe Cingelezi, masamu ndi sayansi. Makolo asanalipire ndalama ayenera kufunsa ngati maphunziro a pa sukulu imeneyo ndi obvomerezedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia. Bungweli ndilo lilembetsa anchito a zaumoyo ndi kuwapatsa cilolezo. Wopanda cilolezo cimeneci sangagwire nchito, ngakhale pepala lake likhale lokongola motani.

ZIMENE APHUNZIRA

Wophunzira ayamba ndi kudziwa thupi la munthu, tizirombo toyambitsa matenda ndi m'mene matenda afalikira pakati pa anthu. Kenaka aphunzira za madzi: kutenga madzi a pacitsime kapena pa mjigo kukawapima, kuyesa mlingo wa klorini, ndi kusankha malo a cimbudzi, amene ayenera kukhala kumunsi kwa citsime ndi kutalika mamita osacepera 30.

Aphunziranso kupima nyama. Pa nyama ya nkhumba afunafuna timatuza toyera timene anthu achula kuti masese. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino agwidwa ndi njoka ya m'mimba yaitali. Mazira a njokayo aturuka ndi cimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja kapena m'cakudya angakafike ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Nkhumba zoyendayenda nazo zitenga mazirawo pamene anthu adzithandizira kuthengo. Cotero cimbudzi, khola la nkhumba ndi kupima nyama ndi nkhani imodzi.

Maphunziro ena ndi a kasungidwe ka cakudya, monga cuku cimene cigwira nshawa ndi cimanga cosauma bwino ndi kuononga ciwindi; kulimbana ndi udzudzu, nchenche ndi makoswe; kutaya zinyalala; kuona mapulani a nyumba; kuteteza anchito ku fumbi, phokoso ndi mankhwala oopsa; ndiponso malamulo, makamaka Public Health Act ndi Food Safety Act ya 2019. Caka ciri conse pali nthawi yopita kukaphunzira pa nchito yeniyeni, ku malo ophera nyama, ku misika ndi ku zipatala za kumidzi.

NCHITO ZIMENE ZIPEZEKA

Ambiri alembedwa ndi Unduna wa Zaumoyo. Pa cipatala ca kumudzi EHT ayendera zitsime, masukulu ndi masitolo, atsogolera gulu lothira mankhwala a udzudzu m'nyumba, ndipo agwira nchito pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi. Amene ali ndi digiri kawiri-kawiri akhala pa ofesi ya zaumoyo ya boma kapena ya cigawo, kukonza mapulani ndi kulondola matenda akangobuka.

Ena alembedwa ndi makhonsolo kukhala oyendera mabucha, malo odyera, mabala ndi misika, ndipo ali ndi mphamvu ya lamulo yolanda cakudya coipa. Ena ali pa zipata za dziko monga Mwami, kuona odutsa ndi katundu wao. Nchito ipezekanso ku makampani a madzi, ku migodi, ku bungwe losamala za cilengedwe la ZEMA, ku Zambia National Public Health Institute, ndi ku mabungwe othandiza pa za madzi ndi ukhondo. Ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994, mtovu wotsala m'dothi ukali kulowa m'magazi a ana, ndipo bvuto lotere lifuna anthu odziwa maphunziro amenewa.

Komabe wofuna nchitoyi ayenera kudziwa zobvuta zake. Sikuti aliyense wotsiriza alembedwa nthawi yomweyo; ena adikira zaka Boma lisanaitane. Ya kumudzi ndi nchito yoyenda mitunda pa njinga yamoto, dzuwa kapena mvula. Wotseka bucha kapena kutaya nyama ya munthu sakondedwa, ndipo ena ayesa kumupatsa ciphuphu kuti atseke maso. Akalandira, nyamayo ipita m'miphika ya mabanja ambiri.

Mwana amene akonda sayansi, wosaopa kulankhula pamaso pa mfumu ndi anthu ake, ndiponso wotha kukana ciphuphu, angacite bwino m'maphunziro amenewa. Wofuna kumva zambiri apite ku cipatala capafupi akaonane ndi EHT, kapena ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lake.