Zamapiko Zoposa Zinzake Pakhomo pa Nakatindi

Nakatindi ndi komboni yomwe ili chakumadzulo kwa tauni ya Livingstone, m'mbali mwa msewu wopita ku Kazungula ndi ku Sesheke. Magalimoto onyamula alendo amadutsa pamsewuwu m'mawa ndi madzulo, ndipo ena mwa alendowo amawononga ndalama zankhaninkhani kuti adzaone mbalame zimene mwana wa m'komboniyi amangoziona ulele popita kusukulu.

Chimene chimasonkhanitsa mbalame kuno n'chakuti mchenga ndi madzi zinakumana. Livingstone inamangidwa pa mchenga wa Kalahari, womwe unayalika kuchokera kumtsinje wa Orange ku South Africa mpaka ku Congo, ndipo padziko lonse palibe mchenga wina wosadukiza wofika pamenepo. Mvula ya kuno imangokwana mamilimita pafupifupi 700 pachaka, pomwe kumpoto kwa Zambia imapyola 1,200. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumwamba kumakhala mbee, msipu umauma, fumbi limalowa mpaka m'mbale. Komabe makilomita pafupifupi 10 okha kuchokera m'tauni, Zambezi amagwa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, otambalala mamita 1,708 ndi akuya mamita 108, chinsalu cha madzi chachikulu kuposa china chilichonse padziko. Choncho mbalame za kouma ndi za kumtsinje zimakhala moyandikana. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, ndipo nazi zina za chigawo chino zomwe zinasiya zinzake kutali.

Yaliwiro kuposa chamoyo chilichonse

Kumunsi kwa mathithi, Zambezi amayenda mokhotakhota m'maphompho a Batoka. M'zipupa za miyala yakuda ya kumeneko mumaswera kabawi wotchedwa peregrine. Akaona njiwa ikuuluka pansi pake, amapinda mapiko n'kudziponya chamutu, ndipo liwiro lake limapyola makilomita 300 pa ola. Palibe nyama, nsomba kapena mbalame ina yomwe inapimidwapo liwiro lotere. Njiwayo amaimenya ndi mapazi ili mlengalenga momwemo, ndipo munthu woonerera pamwamba pa phompho kawirikawiri amangoona nthenga zikumwazika.

Yovuta kuipeza

Maphompho omwewa anatchuka padziko lonse chifukwa cha kabawi wina wamng'ono, wapachifuwa pofiirira, wotchedwa Taita falcon. Dzinali linachokera ku mapiri a Taita ku Kenya, komwe anayamba kumulemba m'mabuku mu 1895. Akatswiri amayerekeza kuti akuluakulu a mtunduwu sapitirira 1,000 mu Africa yense. Kale Batoka ndiye anali malo odalirika omuonera, koma masiku ano munthu akhoza kukhala pamwamba pa phompho masiku angapo osamuona. Palinso mapulani omanga damu la magetsi la mamegawati 2,400 m'maphomphowa. Magetsi tikuwafuna ndithu, koma omanga ayenera kudziwa kuti madzi akadzakwera adzasintha nyumba ya mbalame yomwe ilibe kothawira kwambiri.

Yochuluka kuposa mbalame zonse zakutchire

Mlimi wa mapira kapena mawere safunika kuuzidwa za timbalame ta milomo yofiira totchedwa quelea. Tilipo pafupifupi 1.5 biliyoni, ndipo tonse tili mu Africa muno. Kamodzi kamalemera magalamu pafupifupi 20 ndipo kamadya magalamu 10 a njere patsiku. Werengani nokha: gulu la mamiliyoni awiri limamaliza matani 20 dzuwa lisanalowe. Chakudya chake chenicheni ndi njere za udzu wakutchire, ndipo timatembenukira kuminda udzuwo ukasowa. Madzulo a chilimwe, tikamatsikira kumadzi, thambo limachita mdima ndipo nthambi zimathyoka ndi kulemera. Woonerera amagoma, mlimi amagwira njakata, ndipo onse awiri sakulakwitsa.

Yotunga madzi kutali

M'nkhalango za tsanya zozungulira Livingstone muli mbalame yofanana ndi njiwa, ya maanga a mtundu wa dothi, yotchedwa sandgrouse. Mtundu wa kuno umafika padziwe kutayamba kuchita chisisira. Anapiye ake amaswedwa pansi, kutali ndi madzi, ndipo sangauluke. Ndiye tambala amalowa m'madzi mpaka pamimba n'kumadzigwedeza. Nthenga zake za pamimba zinapangidwa mwapadera moti zimamwa madzi ndi kuwasunga. Abale ake a m'kati mwa Kalahari ndi Namib amanyamula madzi okwana pafupifupi masupuni aakulu awiri, n'kuuluka nawo mtunda wofika makilomita 30, anapiye n'kumayamwa nthengazo. Mayi aliyense wa ku Nakatindi amene anadzukapo mbandakucha ndi zigubu, tsiku lomwe mpopi wauma, akuidziwa ntchito imeneyi kuposa katswiri wa mbalame aliyense.

Ya dera lochepetsetsa

Mukatsata msewu wa Nakatindi kulowera kumadzulo, kupitirira Kazungula, mufika kudera la kachinkhwe kobiriwira, ka masaya akuda ndi mlomo wofiira, kotchedwa black-cheeked lovebird. Pafupifupi tonse ta mtunduwu tili m'kachigawo kamodzi ka kum'mwera chakumadzulo kwa Zambia, pakati pa Zambezi ndi Kafue, makamaka m'mbali mwa mitsinje ya Machile, Sichifulo ndi Nanzhila. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti tinalipo pafupifupi 10,000. Chiwerengerochi n'chochepa kuposa tomwe tinagwidwa m'masabata anayi okha mu 1929, pamene osaka anakola 16,000 kukagulitsa kunja ngati zoweta m'makola.

Lero mdani wake wamkulu ndi ludzu. Kachinkhweka kamamwa madzi tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ndipo maiwe a m'deralo akuuma msanga kuposa kale. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatsitsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri. Magetsi akathima, mbaula imayaka, ndipo makala abwino ambiri amachokera ku tsanya, mtengo womwe kachinkhweka kamagona ndi kuswera m'mphako zake. Mphika wa m'tauni ndi chisa cha ku Machile n'zolumikizana.

Mbalame yokhayo yomwe sipezeka kwina kulikonse koma mu Zambia mokha ndi Chaplin's barbet, yoyera, yokhala m'mikuyu ya kufupi ndi Choma. Ndi imene inajambulidwa pa ndalama yachitsulo ya K1 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2013.

Ya ulendo woopsa kwambiri

Mvula ikakhazikika ndipo ngumbi zikayamba kutuluka, pa mawaya a magetsi pamatera timakabawi totuwa ta miyendo yofiira totchedwa Amur falcon. Timaswera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China. Pobwera kuno timadutsa India, kenako timaoloka nyanja makilomita pafupifupi 3,000 osatera, ulendo wapamadzi wautali kuposa wa mbalame ina iliyonse yodya nyama. Kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 20,000 chaka chilichonse. Mpaka 2012, anthu a m'mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana nawo ku Nagaland, m'dziko la India, ankakola timakabawiti toposa 100,000 pachaka. Mu 2013 anagwirizana zosiya, ndipo ena mwa okolawo anasanduka alonda ndi operekeza alendo. Tomwe timaona kuno mu Januwale tafika chifukwa cha chisankho cha anthu a m'mudzi umenewo.

Mlendo wina wa m'dzinja, wofanana ndi namzeze koma wa mapiko aatali opindika, wotchedwa common swift, ali ndi mbiri yakeyake. Mu 2016 ofufuza a ku yunivesite ya Lund ku Sweden anatsimikiza kuti amatha miyezi khumi ali mlengalenga osatera, kudya ndi kumwa akuuluka.

Zikuluzikulu

Kumtunda kwa mathithi, m'madzi osaya a pakati pa zilumba, mumaima Goliath heron, wamkulu kuposa onse a banja la akakowa. Msinkhu wake umafika mita imodzi ndi theka ndipo mapiko ake akatambasuka amapyola mamita awiri. Amatha kuima duu nthawi yaitali, kudikira nsomba imodzi yaikulu. Mukaoloka mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu 2021, n'kulowa ku Chobe, mukumana ndi kori bustard, mbalame ya fuko la Botswana. Tambala wake amafika makilogalamu 18, ndipo mu Africa palibe youluka yolemera kuposa iyeyu. Chakum'mwera ku Kalahari ndi ku Hwange kuli nthiwatiwa, yaikulu kuposa mbalame zonse, yothamanga mpaka makilomita 70 pa ola. Dzira lake limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo anthu a mtundu wa San akhala akusungira madzi m'zikamba zake kwa zaka zikwizikwi, kuzikwirira mumchenga podikira chilimwe.

Ya chisa chodabwitsa

Nantchengwa si mbalame yaikulu, koma nyumba yake ndi yadzaoneni. Amaimanga pamphanda ya mtengo pafupi ndi madzi, ndi timitengo zikwizikwi, udzu ndi matope, yofolera bwino, khomo lili chapansi. Imafika mita imodzi ndi theka m'lifupi ndipo denga lake likhoza kunyamula munthu wamkulu. Akaisiya, mumalowa akadzidzi, abakha akutchire ngakhale njoka. Tomupambana ndi timbalame ta kum'mwera kwa Kalahari totchedwa sociable weaver, tomwe timamanga chimudzi chimodzi cha udzu chokhala ndi zipinda zoposa 100. M'kati mwake mumazizira masana ndi kufunda usiku, ndipo mibadwomibadwo imasiyirana.

Yoswana mochedwa

Kulira kwa nang'omba mbandakucha kumamveka mtunda wa makilomita atatu. Iyi ndiyo yaikulu pa banja lake lonse, ndipo imatha kukhala ndi moyo zaka 50. Koma kuswana kwake n'kwa pang'onopang'ono kodetsa nkhawa. Pagulu lonse yaikazi imodzi yokha ndiyo imaikira, mazira awiri, ndipo kawirikawiri mwana mmodzi yekha ndiye amapulumuka. Ku South Africa anapeza kuti gulu limalera mwana mmodzi wofika pouluka pa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Makolo amene ankaletsa kupha nang'omba anali ndi nzeru, chifukwa imodzi ikafa kapena mtengo wa mphako yake ukadulidwa, malo ake satsekeka msanga.

Imfa yochuluka pa nthawi imodzi

Mbiri iyi ndi yomvetsa chisoni. Mu Juni 2019, kumpoto kwa Botswana, miimba 537 inapezeka itafa itadya mitembo ya njovu zitatu yomwe opha nyama mozemba anaithira poizoni. Amatero chifukwa miimba ikamazungulira mlengalenga imaonetsa alonda pomwe pafera nyama. Muimba umaikira dzira limodzi pachaka, ndipo imfayi inachitika nyengo yoswa, kutanthauza kuti anapiye ambiri anafera m'zisa ndi njala. Miimba imauluka makilomita mazanamazana posaka chakudya ndipo sidziwa malire a mayiko, kotero poizoni wa tsidya lina amachepetsanso ya kuno. Ikatha, ng'ombe yakufa idzawolera pamtetete, agalu olusa ndi matenda n'kuchuluka.

Mlendo wolemera kuposa onse pakhomo

Uyu alibe mapiko, koma nkhani ya Nakatindi singathe osamutchula. Komboniyi inayandikana ndi nkhalango yotetezedwa ya Mosi-oa-Tunya, imodzi mwa zing'onozing'ono mu Zambia, ya masikweya kilomita 66. Njovu zimatuluka m'menemo, makamaka m'chilimwe, kudzathyola mango, kudya ndiwo za m'madimba ndi kufuna madzi, ndipo nthawi zina miyoyo ya anthu yatayika. Livingstone ili mkati mwa KAZA, dera losungira zachilengedwe la mayiko asanu lomwe kalembera wa 2022 anapezamo njovu pafupifupi 228,000, zochuluka kuposa kwina kulikonse padziko. Choncho wopita kukaona mbalame m'mawa asayende yekha m'tchire, ndipo m'nkhalango yotetezedwa alowe ndi mlonda wovomerezeka.

Yodziwika kwa aliyense

Nkhwazi ili pa mbendera ya Zambia kuyambira 1964, ili pa ndalama zapepala, ndipo ilinso pa zizindikiro za maboma a Malawi ndi Namibia. Komabe alipo ana a m'tauni ino amene amaidziwa pa mbendera pokha, osamvapo kulira kwake, ngakhale imakhala m'mitengo ya m'mbali mwa Zambezi chaka chonse.

Ulendo wotsika mtengo kuposa onse

Kuona mbalame sikulira galimoto kapena magalasi oonera patali. Kagoba ka madzi pamthunzi, kosinthidwa tsiku ndi tsiku kuti udzudzu usaswanemo, kamabweretsa apumbwa, njiwa ndi mpheta pakhomo m'mwezi wa Okutobala. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala, madzi a Zambezi akatsika, pamiyala pamatera timbalame totchedwa rock pratincole, ndipo pamchenga pamaswera African skimmer, yomwe mlomo wake wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba ndipo imaulimitsa pamadzi pogwira nsomba. Disembala mpaka Malichi ndi nyengo ya alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Maiwe a zonyansa a m'tauni, ngakhale ndi onunkha, ndi malo odziwika oonerako mbalame za m'madzi. Polowa kumathithi, nzika zimalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho aphunzitsi ndi makolo angathe kukonza ulendo wa kalasi.

Bungwe la BirdWatch Zambia, lomwe linayamba mu 1969 ndi dzina loti Zambian Ornithological Society, komanso pulogalamu ya pafoni ya eBird, amalandira zimene anthu wamba aona. Apa m'pamene mwana wa ku Nakatindi amaposa mlendo aliyense. Mlendo amabwera masiku ochepa n'kubwerera kwawo, koma wokhala pompano angalembe m'kope tsiku limene namzeze woyamba wafika, mwezi umene dziwe lauma, ndi kuchuluka kwa miimba yomwe yadutsa chaka chino poyerekeza ndi chatha. Zolemba zoterezi ndi zimene akatswiri amazisowa akamaunika ngati mtundu wa mbalame ukutha, ndipo maso akuthwa omwe amalondola timba ndi legeni ndi omwewo amafunika pantchito yoperekeza alendo, yomwe ikudyetsa mabanja ambiri mu Livingstone. Makolo ndi aphunzitsi, mnyamata wa legeniyo mugulireni kope ndi pensulo mvula ya chaka chino isanagwe.