Ndiwo Zosaona Moto

M'miyezi ya September ndi October, dzuwa liri kuwamba mvula isanagwe, matimati a m'madimba amacuruka m'misika ya Chipata. Ku Kapata ndi ku Saturday Market miulu yace imangoti psuu pamathebulo, ndipo m'Nabvutika amai ambiri amaayala pakhomo nagulitsa kwa anansi ao. Mtengo wa matimati umatsika, koma wa makala sutsika ai. Cifukwa cace nkwabwino kuti anthu a m'makomboni, pamodzi ndi amuna a kum'mawa amene ali pa nchito ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, adziwe za ndiwo zina zimene sizilira mbaula konse.

Ndiwozi ndi matimati aawisi osanganiza ndi anyezi, tsabola, madzi a ndimu ndi mcere. Ku Mexico amazicha salsa, ndiko kuti msuzi m'cinenero ca Aspanya. Anthu a dziko limenelo analima matimati kalekale Azungu asanafike, ndipo dzina lakuti tomato linacokera ku liu la Aaztec lakuti tomatl. Tsabola nayenso kwao ndi ku America. Zombo za Apwitikizi ndizo zinamfikitsa m'madooko a Africa ndi a India citapita caka ca 1500. Ku Kenya ndi ku Tanzania amati kachumbari, dzina lobwereka kwa Amwenye. Munthu amene anadyapo nyama yoocha imene a ku Migodi amati michopo anazionapo kale ndiwozi pambali pa nyamayo, cinkana sanazipatse dzina.

Pa banja la anthu 4 mai atenge matimati 4 akupsya koma olimba, anyezi 1 wosakula kwambiri, tsabola 1 kapena 2 ndi theka la ndimu. Ayambe ndi anyezi. Amdule mopyapyala, namuviike m'madzi a mcere mphindi 10, ndipo amfinye; potero ukali uja umene umawawa m'mphuno ndi kutsalira m'kamwa kufikira mawa umacoka. Matimati aadule tizidutswa tonga nyemba zikuluzikulu. Madzi ndi njere za m'kati aziike padera kuti zikalowe mumphika wa ndiwo zophika, pakuti zikatsalamo ndiwozo zimasanduka dziwe. Mpeni ukhale wakuthwa: wobuntha umaphwanya matimati m'malo mwa kuadula.

Ukali wa tsabola uli makamaka m'kamnofu koyera kamene kagwira njere. Pamene pali ana, kamnofu kameneko kapalidwe. Wodula tsabola asambe m'manja ndi sopo asanakhudze maso ace kapena kunyamula khanda.

Mcere ndi ndimu zithiridwe potsiriza, nsima itaphulidwa kale. Mcere umakoka madzi a m'matimati, kotero kuti ukathiridwa msanga ndiwozo zimalefuka zisanafike pamphasa. Zimayenera nsomba yoocha, kapenta wokazinga, nyemba, ngakhale mbewa. Ambuya a Cibemba aseke monga mwa mwambo wao, koma akalawa adzakhala cete. Phindu lace ndi lakuti matimati, ndimu ndi tsabola ziri ndi vitamini C, imene imacepa ndiwo zikabwata nthawi yaitali, ndipo vitamini imeneyi imathandiza thupi kulandira citsulo ca m'nyemba ndi m'masamba, cimene cimapanga mwazi.

Koma pali mau ena olemera. Moto umene umaononga vitamini ndiwo umenenso umapha tizirombo ta matenda. Mai akabwatitsa ndiwo, mphika umakhululukira zolakwa zambiri za pamsika ndi za pacitsime. Ndiwo zosaona moto ziribe mkhululuko wotero: conse cimene ciri pa khungu la matimati, pampeni, pathabwa ndi m'zala cimalowa m'mimba ciri camoyo. Anthu sanaiwale kolera imene inayamba m'Lusaka mu October 2017, pamene Boma linacotsa ogulitsa malonda m'miseu, ndiponso ija ya 2023 ndi 2024, pamene bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka cipatala ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira February. Nthenda imeneyi imayenda m'madzi ndi m'cakudya zimene zakhudzana ndi zonyansa za m'cimbudzi, ndipo imakonda makomboni othithikana, kumene zitsime zosazama ziri pafupi ndi zimbudzi zokumba. Mvula ikagwa, zigumula zimatsika m'mapiri a Chipata ndi kutenga zonse za pansi.

Tsono madzi otsukira matimati akhale ofanana ndi amene munthu angamwe: owiritsa nazirala, kapena othira klorini monga mwa muyeso wolembedwa pabotolo ndi kuyembekezera mphindi 30. Kutsuka cipatso m'madzi oipa nkucidetsa kawiri. Matimati atsukidwe athunthu asanadulidwe, limodzilimodzi, powatikita ndi zala. Ong'aluka, obvunda ndi obooka apite kumphika. Kutsukako kuli ndi cifukwa cinanso: ciyambire 2016 kagulugufe kochedwa Tuta absoluta kanalowa m'Zambia, ndipo mphutsi zace zimaboola masamba ndi zipatso, kotero alimi ambiri anayamba kupopera mankhwala kawirikawiri. Madzi amacepetsa amene ali pakhungu, koma mlimi wothyola asanakwane masiku olembedwa pa cigubu ca mankhwala alakwira ogula ace.

Thabwa ndi mpeni zimene zadulira nkhuku kapena nsomba yaiwisi zisakhudze matimati zisanatsukidwe ndi sopo. Ena amati ndimu ndi tsabola zimapha tizirombo tonse. Kumeneko nkudzinyenga, nchito yao ndi kukometsa, ndipo pa kolera sizingakhulupirike.

Mbale ibvundikiridwe cifukwa ca nchenche, ndipo ndiwozo zidyedwe asanathe maora 2. Zikatsala, m'nyumba yopanda firiji zisasungidwe kuti ana adzadye m'mawa. Zithiridwe mumphika wa madzulo zibwate pamodzi ndi ndiwo zina. Kolera ikamveka m'komboni, mai aleke zaziwisi zonse kufikira a zaumoyo atanena kuti nthendayo yatha.