Chilonda cha pa lilime chikakana kupola

Achinyamata anzathu a ku Geisha, tonse tikudziwa kuti munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV amatuluka zilonda m'kamwa kawirikawiri. Zambiri zimapola ndi mankhwala. Koma chilonda kapena chotupa cha pa lilime chikatha masabata atatu osapola, tisachitenge mwachibwana. Chikhoza kukhala khansa. Chitetezo cha m'thupi chikatsika khansa zina zimapeza mpata, ndipo fodya ndi kachasu zimaonjezera chiopsezo ngakhale kwa amene alibe kachirombo.

Tiyambire pati? Wodwala apite ku chipatala cha Mapale, kumene angamutumize ku Mzuzu Central Hospital. Madokotala amatapa kanyama kakang'ono pa chilondacho n'kukayeza kuti adziwe vuto lenileni.

Akamva za opaleshoni, odwala ambiri amagwidwa ndi mantha. Kodi ndidzayankhulanso? Kodi nsima idzakomanso? Zoona zake n'zakuti chotupa chikadali chaching'ono amachotsa mbali yochepa ya lilime, ndipo munthu amaphunziranso kuyankhula ndi kumeza. Kuzengereza ndiko kumachititsa kuti adule mbali yaikulu. Safunsa anadya phula: wodwala afunse kukula kwa mbali imene achotse, mmene azidyera ali m'chipatala ndi chithandizo chimene chidzatsatire. Apite ndi m'bale womuthandiza kumvetsera, koma chisankho ndi cha mwini wake.

Nanga za kakomedwe? Timamva kukoma ndi lilime lonse, kumwamba kwa m'kamwa ndi kukhosi, ndipo mphuno imathandiza kwambiri. Choncho kuchotsa mbali ya lilime sikuthetseratu kukoma. Chithandizo chowotcha khansa ndi makina chimaumitsa malovu n'kuzizilitsa chakudya, koma kwa ambiri kukoma kumabwerera pang'onopang'ono pakapita miyezi.

Ngozi yaikulu ndi kusiya kudya. Tiwakonzere phala la Likuni lothira nsinjiro, mazira, nthochi, mapeyala ndi ndiwo za msuzi wambiri. Adye pang'onopang'ono koma pafupipafupi, apewe tsabola ndi zotentha kwambiri, ndipo azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere pang'ono. Ma ARV, amene anayamba kuperekedwa mwaulere m'dziko muno mu 2004, asasiyidwe. Ngati kumeza kukuvuta, achipatala adziwitsidwe msanga.

Ife a m'makalabu tingachite zambiri: kuperekeza wodwala ku chipatala, kumuphikira ndi kudya naye limodzi, osamuseka mawu akamatuluka movutikira. Lero lomwe, tiyeni titenge kalilole tidziyang'ane m'kamwa, ndipo tikumbutse makolo athu kuchita chimodzimodzi.