Owonera Asanduka Ankhoswe

Kwa Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, monganso ku Chinsapo ndi ku Kawale, dzuwa likapendeka ndipo ntchito za tsiku zikachepa, si chachilendo kupeza amayi anayi kapena asanu atawunjikana pakhonde, mitu itagundana pa foni imodzi, akuwonera timasewero tachikondi timene gawo lake lililonse limatha mphindi ziwiri zisanakwane. Timaseweroti tidaphukira ku China, kumene m'chaka cha 2024 tidapindula ndalama zoposa za nyumba zowonetsera mafilimu, ndipo tidawanda kudzera pa ReelShort, imene idayamba mu 2022, ndi DramaBox; koma kuno ambiri amatipeza todukaduka pa Facebook ndi TikTok, kapena potumizirana pa WhatsApp, pakuti bandulo ya Airtel kapena TNM sichedwa kutha.

Nkhani zake n'zodziwika: mkazi wofatsa anyozedwa ndi apongozi ake, mwamuna akhulupirira bodza la kapasule, ndipo mbama ikangolira, misozi italengeza m'maso, gawo lathera pomwepo. Apo ndipo mlandu umabuka pakhonde. Wachitsikana amalumbira kuti iye akadalongedza kalekale, amayi ake akadali moyo, koma wachikulire amamudzudzula kuti, "Iyayi mwanawe, banja ndi kupirira." Winayo, amene sadanenepo kanthu, amapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, ndipo anzake, podziwa za kunyumba kwake, samufunsa.

Alipo abambo amene amaseka misozi imeneyi, nati n'kupusa kulirira anthu a kutsidya kwa nyanja amene sadzawawona konse. Ine sindigwirizana nawo. Amayiwa adamva kale ku tchalitchi za Hana, amene Penina mkazi mnzake adamusautsa kufikira analeka kudya, ndipo sadafunse kuti Silo, kumene zidachitikira, ali kutali motani. Amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chimandivuta mumtima n'china. Ife tidakula tikumvera Kapalepale pa wailesi ya MBC, kenaka Zimachitika wa Story Workshop, ndipo TVM itatsegulidwa mu 1999 tidawonera Tikuferanji, mmene a Michael Usi ankasewera ngati Manganya. M'masewero amenewo mkangano unkakhala ndi pofikira, pakuti akuluakulu ankalankhulapo, wolakwa ankayankha, ndipo womvera ankakhala ndi masiku osinkhasinkha lisanafike gawo lina. Timasewero tatsopanoti tidapangidwa kuti tiziduka pamene mtima wafika pakhosi, chifukwa pamenepo ndi pomwe eni ake amafuna kuti munthu alipire kuti atsegule gawo lotsatira. Chiyanjanitso chikabwera msanga malonda atha, n'chifukwa chake chipongwe chimasanjikizana pa chipongwe chinzake, magawo makumimakumi, popanda malume kapena mfumu yokhazika anthu pansi.

Owonera a kwa Njewa amachiwona chosowekacho, ndipo funso limene limamveka kawirikawiri n'lakuti, "Kodi mwanayu alibe kwawo? Nanga ankhoswe ali kuti?" Posapeza yankho, amawutenga mlanduwo okha. Bandulo itatha, foni ili pamphasa, mmodzi amayimira kuchikazi, wina kuchimuna. Amafunsa chimene mwamunayo adawona ndi maso ake ndi chimene adangomva, amawadzudzula apongozi polowerera za m'nyumba ya ana, namugamula mwamunayo kuti akapepese kwa eni mbumba atanyamula nkhuku.