Kwacha ya ku Chipata si ya ku Mtengowanthenga

Wamalonda wa pa Mtengowanthenga ku Dowa akafuna kukaoda zitenje, nsapato kapena zakumwa ku Zambia, amakwera minibasi mumsewu wa M1 kupita ku Lilongwe, n'kusintha galimoto kulowera ku Mchinji. Akadutsa malire a Mwami n'kufika mumsika wa Kapata ku Chipata, zinthu zimaoneka ngati sanachoke kwawo. Ogulitsa amalankhula Chinyanja chomveka bwinobwino, nsima ndi yomweyo, ndipo mitengo amaitchula m'makwacha. Apa m'pomwe ambiri oyamba kumene amaluzira mpamba wawo.

Maiko awiriwa adasankha dzina limodzi pa ndalama zawo. Zambia idayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1968, Malawi mu 1971. Kuno kwacha imagawidwa m'matambala 100, uko m'mangwee 100. Kufanana kwake n'komweko basi. Mphamvu zake n'zosiyana kutalitali, moti kwacha imodzi ya ku Zambia imagula makwacha makumi angapo a kuno.

Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti pa 1 January 2013, Bank of Zambia idachotsa maziro atatu pa ndalama yawo: K1,000 yakale idasanduka K1 yatsopano. Kuno kwacha yakhala ikuchepetsedwa mphamvu, mu May 2012, mu May 2022 ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti, pomwe dola imodzi ya ku America idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 m'mabanki.

Choncho mayi wa ku Kapata akati chitenje ndi K150, khutu lozolowera mitengo ya pa Mponela limamva ngati chaulere, dzanja n'kuthamangira m'chikwama. Wamalonda wochenjera sanenerera mtengo asanausinthe m'mutu kapena pafoni kukhala makwacha a kwawo. Pofufuza pafoni, ndalama ya Malawi imalembedwa MWK, ya Zambia ZMW. Zilembo za ZMK n'za ndalama yakale ija, ndipo wozisankha molakwitsa amapeza yankho losokonekera ndi maziro atatu.

Koma mtengo wa pafoni nawo si womwe munthu amalipira. Aliyense wosintha ndalama, kaya ndi banki kapena bureau, amakhala ndi mitengo iwiri: wogulitsira, womwe ndi wokwera, ndi wogulira, womwe ndi wotsika. Phindu lake lili pakati pamenepo, ndipo amalipira ndi wapaulendo.

Nachi chitsanzo, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza chifukwa mitengo imasintha pafupipafupi. Wosintha ndalama akugulitsa kwacha ya ku Zambia pa K80 ya kuno koma akugula pa K70. Wamalonda wasintha K400,000, walandira K5,000 ya ku Zambia. Chitenje cha K150 chija chamudyera K12,000 ya kuno, asanaphatikizepo thiransipoti, chakudya cha panjira ndi msonkho wa pamalire. Akaoda katundu wa K4,000 n'kubwerera ndi K1,000 m'thumba, pomusinthira ampatsa K70,000 pa ndalama yomwe adaigula ndi K80,000. Wataya K10,000 osagula nazo ngakhale singano. Ndalama imeneyi ikanatha kukhala phindu lonse la zitenje zingapo atakhala nazo padzuwa tsiku lamsika.

N'chifukwa chake amalonda ozolowera njirayi amalemberatu mndandanda wa katundu, n'kusintha ndalama zokwanira mndandandawo ndi kapamwamba pang'ono ka panjira. Zikatsala, ena amaonjezera katundu, ena amasungira ulendo wotsatira m'malo mosinthanso. Kusunga kuli ndi nzeru kwa yekhayo amene akudziwa kuti abwererako posachedwa.

Nkhani yovuta ndi ya komwe munthu angasinthire. Lamulo la kuno limalola mabanki ndi mabureau okhala ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi basi. Koma ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno kwa zaka zingapo, ndipo wamalonda wamng'ono akalowa mubanki nthawi zambiri amabwerako chimanjamanja. Pamalire amakumana ndi anyamata onyamula mipukutu ya ndalama, omwe amamuitana asanatsike n'komwe m'galimoto.

Palibe chobisa kuti anthu ambiri amasinthira kwa anyamatawa. Koma wochita zimenezi adziwe kuti akuphwanya lamulo, sapatsidwa risiti, ndipo akaberedwa alibe kokadandaula, popeza kupolisi akakhala akudziulula yekha. Njira zobera n'zodziwika: kuwerenga mothamanga, kupinda pepala limodzi pakati kuti liwerengedwe kawiri, kulandanso mpukutu womwe mwiniwake wawerenga kale ponamizira kutsimikiza, kapena kukuwa kuti apolisi akubwera kuti munthu athawe asanawerenge. Ndalama ikawerengedwa ndi mwini wake isabwererenso m'manja mwa wosintha, ndipo yakuno iperekedwe pomaliza.

Kudziwa maonekedwe a ndalama kumathandizanso. Za kuno zili ndi nkhope za anthu: Kamuzu Banda pa K1,000 ndi K5,000, John Chilembwe pa K500 ndi K2,000, Rose Chibambo pa K200. Za ku Zambia zimadziwika ndi chithunzi cha nkhwazi. Pepala la ku Zambia lolembedwa K20,000 kapena K50,000 ndi la nthawi ija asanachotse maziro, lidasiya kugwira ntchito kalekale. Komanso mu March 2025 dzikolo lidatulutsa ndalama zamaonekedwe atsopano, kuphatikizapo mapepala a K200 ndi K500 omwe kale kudalibe, kotero amene adasunga zotsala za ulendo wa zaka zapitazo ayambe wafunsa ku banki ngati zikulandiridwabe asanazidalire.

Za ndalama ya pafoni, Mpamba ndi wa TNM ndipo ma ajenti ake ali kuno kokha. Munthu asayembekezere kukatapa ndalama mu Mpamba ali mumsika wa Kapata. Ndalama yobwererera kuchoka pa Mchinji kufika pa Mtengowanthenga ndiyo yoyenera kusiyidwa mufoni, kuti ngakhale zitavuta kutsidya, njira yakumudzi isatsekeke.

Pamalire, wapaulendo akhoza kufunsidwa kuchuluka kwa ndalama zomwe wanyamula komanso komwe wazitenga. Pali mlingo womwe Reserve Bank imaika pa ndalama zotuluka nazo m'dziko, ndipo umasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho ndi bwino kufunsa ku banki sabata yonyamukayo. Risiti ya ku banki kapena bureau isungidwe pamodzi ndi chiphaso choyendera, chimodzimodzinso malisiti a katundu, chifukwa a MRA amawafuna powerengera msonkho.

Masamuwa amagwiranso ntchito mlendo akafika pa Mtengowanthenga kudzagula soya kapena mtedza n'kunena kuti alipira ndi ndalama yakwawo. Mlimi akailandira, wosintha ndalama adzamugula pa mtengo wotsika uja, ndipo adzawononganso ina pa ulendo wa ku Lilongwe. Mtengo wa thumba utchulidwe m'makwacha a Malawi, ndipo mlendoyo akasinthe yekha asanafike pa sikelo.